Limoti Yoimitsa Anthu

Pulani yonse inabadwira kwa mayi Felista, kuseri kwa msika wa pa boma la Mchinji, chipanda cha masese chitazungulira kangapo. Dzuwa linali likadali pamutu, koma Fletcher, amene ankakakamiza aliyense kuti azimutchula kuti Kaputeni, anali atafika kale kumwezi. Anapisa m'jekete, nayang'ana uku ndi uku, natulutsa kanthu kakuda kodzaza mabatani. Anakagoneka pabenchi mwaulemu ngati akugoneka khanda.

"Amwene, umphawi watha lero," anatero Kaputeni. "Iyi ndi limoti."

Omvera anali awiri. Woyamba anali Aleck, amene boma lonse linkamudziwa kuti Fyuzi kuyambira tsiku lomwe anayesa kulumikiza magetsi ndi waya wa mpanda n'kuzimitsa mzere wonse wa magolosale. Wachiwiri anali Eneya, mnyamata wamtali wofatsa nkhope, amene anzakewo ankamutcha Mkamwini ngakhale anali asanalowe pakhomo pa mwini aliyense. Dzinali ankalikana pakamwa pokha, mumtima linkamukomera zedi.

Limotiyo mwini wake anali a Stanley, eni vidiyo ya pafupi ndi depoti. Dzulo lake anali atatsegulira tivi yatsopano imene anaitenga ku Chipata, chinthu chachikulu choti anthu awiri kunyamula n'kumabuula. Za matepi otafunidwa ndi makina zija zinali zitatha, tsopano kanema ankatuluka m'kambale konyezimira kotchedwa dividi. Anthu anapalasa njinga kuchokera ku Guilleme ndi kwa Mlonyeni kudzaona, ena anavala masuti ngati kuli ukwati.

Kanema wotsegulira anali wa anthu ochokera kunyenyezi, amitu ngati maungu, amene anatera padziko m'chimbale chowuluka. Mtsogoleri wawo anali ndi kamtengo kakuda. Akangoloza asilikali, asilikaliwo ankauma pomwepo, mwendo uli m'mwamba, ndipo akawamasula sankakumbuka kalikonse. Chizungu cha m'kanemamo chinali chothamanga, choncho Kaputeni, amene sukulu anaisiya isanamuzolowere, ndiye ankamasulira holo yonse popanda womupempha.

Ndiye kanema ali pakati, a Stanley anakwiya ndi anthu amene ankasuzumira m'ming'alu ya chitseko osalipira. Anaimirira, naloza tivi ndi kamtengo kawo kakuda, nadina. Zonse zinaima. Asilikali anaima, amitu ya maungu anaima, ngakhale utsi unaima m'malere. Anthu anangoti kukamwa yasa, koma Kaputeni anaona chinthu chimene ena onse sanaone: kamtengo ka a Stanley kanali kamphamvu kuposa ka anthu akunyenyezi aja. Potuluka, pa chipwirikiti cha pakhomo, zala za Fyuzi zinagwira ntchito yake.

Pulani inali yosavuta. Mawa Lamulungu, anthu onse ali kutchalitchi, akaumitsa mlonda ndi limoti, akanyamula tivi pa wilibala, ulendo wa kwa Mavwere kumene Kaputeni anali ndi azakhali. Kumeneko akatsegula vidiyo yawoyawo. Kaputeni adzakhala mwini, Fyuzi injiniya, Eneya manijala wovala tayi. Zoti kumudzi kwa azakhaliwo magetsi amangowamva pa wailesi palibe anazifunsa, ndipo masese sanawakumbutse.

Eneya anali ndi vuto limodzi lokha, koma lalikulu. Mlonda wa a Stanley anali a Cyprian, ndipo a Cyprian anali amalume ake a Stelia. Eneya ankamukonda Stelia moti akangomuona akutsika kumjigo, ankaiwala kumene akupita. Mtsikanayo anali atavomera kalekale, koma mwana wa Achewa sakwatiwa amalume ake asanatsegule pakamwa, ndipo a Cyprian anali atanena poyera kuti mnyamata amene ntchito yake ndi kutenthetsa benchi la vidiyo sangadyetse mwana wa mlongo wawo. Loweruka likubwerali ankhoswe a Eneya ankayenera kukamva yankho lotsiriza. Umanijala ukanathandiza, inde, koma nanga a Cyprian akamuzindikira?

Kaputeni anaseka mpaka kutsamwa. Anamufunsa ngati kanema uja anaonera ndi maso kapena ndi zigongono. Munthu woumitsidwa saona, samva, sakumbuka, ndipo akadzuka amangoyesa waphethira. Eneya anafunsabe mwamanyazi ngati limotiyo siigwira anthu a m'galasi okha.

"Mkamwini, vuto lako ndi kusayenda," anatero Kaputeni. "Azungu chinthu amayamba achionetsa mu kanema, kenako amachigulitsa m'sitolo. Foni yopanda waya tinaiona kuti koyamba? Lero a Stanley sakuyenda nayo m'chiuno?"

Mfundo imeneyi inali yolemera. Komabe anagwirizana zoyesa kaye. Analoza nkhuku ya mayi Felista, nkhuku inapitiriza kutola madeya, Kaputeni nafotokoza kuti chipangizochi n'cha anthu, osati ziweto. Mayi Felista eniakewo palibe analimba mtima kuwaloza. Kenako anaona mkulu wina woledzera akudzandira kulowera kumpanda wa udzu. Kaputeni analoza, nadina, ndipo mkulu uja anaima nji, atawafulatira, miyendo atatangadza, mutu atazolika. Anaima choncho nthawi ndithu. Kaputeni atadina batani lina, mkuluyo anagwedeza mapewa, nakonza buluku, napitiriza ulendo.

Anthu atatu akuluakulu anakumbatirana n'kumalumpha. Palibe mmodzi yemwe anaganiza zopita kukaona chifukwa chake udzu wa mpandawo unali utanyowa.

Lamulungu m'mawa, mabelu atasiya kulira, msewu wa kudepoti unali zii. A Cyprian anali pakhonde la vidiyo, chipewa kumutu, akusenda mbatata yootcha. Atakweza maso anaona zinthu zitatu zikutuluka kuseri kwa chigayo. Kaputeni anali atalamula kuti avale ngati anthu akunyenyezi, kuti mlonda ayambe wafooka ndi mantha. Iye anavala chisoti chong'aluka cha njinga yamoto, Fyuzi chigoba cha owotcherera zitsulo, ndipo Eneya, poti anabwera mochedwa, anapatsidwa ndowa yoboola maso awiri.

A Cyprian anadzuka, mbatata ili m'manja. Kaputeni anatambasula mkono, naloza pachifuwa pawo.

"Imani!"

Tsono a Cyprian maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo zaka zimenezo nkhani za achifwamba odutsa malire ndi mfuti zinali pakamwa pa aliyense. Munthu wobisa nkhope akakuloza ndi kanthu kakuda, sufunsa kuti ndi ka kampani yanji. Mkuluyo anauma gwa, mbatata ili pafupi ndi kamwa, maso ali tong'o, mumtima akupereka mzimu wake kwa Mulungu.

Eneya anasuzumira m'mabowo a ndowa. Fyuzi anayandikira monyang'ama, nagwedeza dzanja pamaso pa mlonda. Palibe chinaphethira. Anawakodola pamimba ndi chala. Zii.

Abale, chisangalalo chake! Kaputeni anapsompsona limoti. Fyuzi anavina pakhonde pomwepo, chitsulo chothyolera loko chili paphewa. Poti m'zigobamo munkatentha, onse anavula, n'kuyamba kuitanana maina enieni, a ubatizo ndi a makolo omwe. Kaputeni anabwereza njira mokweza kuti aliyense amve bwino: kudzera m'mabulugamu, kutsikira kudambo, kupumula pa mtengo wa mkuyu, kenako kwa Mavwere. Atatero iye ndi Fyuzi anathyola loko nalowa, Eneya anamusiya panja kuti aziyang'ana msewu.

Apa n'kuti a Cyprian ataona kale kuti mfuti ija ili ndi mabatani ofiira ndi obiriwira, ndipo ndi yomwe bwana wawo anakhala akuisaka dzulo lonse mpaka pansi pa mabenchi. Mkwiyo unawakwera mpaka m'makutu. Koma anyamata anali atatu, wina ali ndi chitsulo, iwo ali okha ndi mbatata. Komanso, kunena zoona, nkhani zimene zinkatuluka zinali zokoma kumva. Anaganiza zoumabe.

Eneya anawazungulira kamodzi. Chibadwire anali asanawayang'anepo m'maso, poti akakumana nawo panjira ankapatukira kutchire n'kunjuta ngati wataya singano. Lero anali pano, maso ndi maso, ndipo mkulu woopsa uja anali chabe chitsa chovala jekete. Kenako Eneya anachita chinthu chimene mpaka lero amati akachikumbuka amadzuka pampando n'kuyamba kuyendayenda.

"Iwe Cyprian," anatero.

Anadikira kuti mphezi imutsikire. Sinatsike. Mawuwo anamukomera m'kamwa ngati shuga, ndipo anawabwereza, ulendo uno atagwira m'chiuno. Anawauza kuti iwe ndiwe nkhalamba yovuta, ndevu ngati tsache lotha, munthu wonyada chonsecho ntchito yako ndi kulondera tivi ya mnzako. Anawakumbutsa za njinga yawo yopanda mabuleki. Anawalanda mbatata, naluma, nawabwezera m'manja. Anawavula chipewa n'kudziveka yekha, dazi la mkuluyo n'kutsala likuwala padzuwa.

Koma chipongwe chitatha, pakamwa panatsala zina zimene sanakonzekere. Mawu anatsika okha. Anawauza kuti iye Stelia amamukonda, ndipo sadziwa kuti adzatani akamukaniza. Anati ntchito wafunafuna, ku esiteti ya fodya anamubweza, kuchigayo anamubweza, ndipo pa benchi la vidiyo amakhalapo chifukwa ndi malo okhawo amene munthu wopanda kanthu amaiwala kuti alibe kanthu. Anati zakubazi sakuzikonda, akungofuna kuti Loweruka ankhoswe ake akakhale ndi chonena. Ntchentche inatera pamphuno pa a Cyprian, Eneya anaiingitsa ndi dzanja.

Tivi inatuluka, Kaputeni ndi Fyuzi akubuula. Anaikweza pa wilibala, naifunditsa chiguduli, nayamba ulendo. Kaputeni anawaperekera sawasha a Cyprian potsanzika.

Mpaka pa mkuyu wa kudambo zonse zinayenda ngati mu kanema. Sanakumane ndi munthu, galu yemwe sanawauwe. Anakhala pamthunzi akupuma, Kaputeni akugawa maudindo ena atsopano, Fyuzi akufunsa ngati injiniya amaloledwa kukwatira mitala. Mbava zanzeru zikanapitirira, ndipo nkhani ino ikanathera pomwepa. Koma Eneya, akudzikupiza ndi chipewa cha eni, anafunsa kuti kodi amalume aja adzuka nthawi yanji.

Kaputeni anayankha kuti adzuka munthu akawadina batani lobiriwira. Eneya anafunsa kuti awadina ndani. Kaputeni anayang'ana limoti imene inali m'dzanja lake, nakweza mapewa, nati sayansi ili ndi nsembe zake. Fyuzi anagwa chagada ndi phwete, akuti mkuluyo aima pakhondepo mpaka mvula yoyamba, chiswe chimukwera, ana azidzamangirirapo mbuzi.

Eneya sanaseke. Anaona Loweruka likufika, ankhoswe ake atavala majekete obwereka, atakhala pamphasa kudikira yankho kwa munthu wouma ndi mbatata m'manja. Popanda mawu a amalume panalibe chinkhoswe, popanda chinkhoswe panalibe Stelia, ndipo umanijala wonsewo unali wa chiyani? Kenako anakumbuka dazi lija lili padzuwa la mwezi wa Okutobala, chipewa chili ndi iye. Chisoni chinamugwira.

Anatsomphola limoti m'manja mwa Kaputeni, naliyatsa liwiro kubwerera kuboma.

Otsalawo anayang'anana. Kupitirira opanda limoti sakanatha, chifukwa kutsogolo kunali midzi yodzaza anthu ofunika kuumitsa. Kusiya tivi padambo sakanathanso, nanga wina akaiba? Dziko lino anthu ndi osakhulupirika, anatero Kaputeni. Choncho anatembenuza wilibala n'kuyamba kumuthamangitsa Eneya chokwera mtunda, gudumu likulira, thukuta lili kamukamu. Chiyambire boma la Mchinji sikunaonekepo mbava zobweza katundu mothamanga chonchija.

Kuvidiyo zinthu zinali zitasintha. Anyamata aja atangokhota m'mabulugamu, a Cyprian anathamangira kutchalitchi chapafupi, nakalowa Misa ili kumapeto, dazi lili psuu. Anatuluka ndi a Stanley, amuna amphamvu angapo, ndi kwaya yonse ya amayi imene sinafune kumva nkhaniyi kwa ena. Ali mkati mokangana kuti adzere njira iti yokatsekereza kumkuyu, wina anaona munthu wamtali akubwera chapatali, chipewa m'manja. A Cyprian anamuzindikira. Anauza anthu onse kuti alowe muholo atseke chitseko, iwo natola mbatata yawo, naima pamalo pomwe paja, mkono m'mwamba.

Eneya anafika ali wefuwefu. Anawaveka chipewa mosamala, nachiwongola, nagwada pansi monga mkamwini weniweni.

"Amalume, pepani, ndachedwa. Ndabwera kudzakumasulani."

Analoza, nadina batani lobiriwira. A Cyprian sanagwedezeke. Anadinanso, nadina lofiira, nadina onse ndi chikhatho. Mkuluyo anali gwa, ndipo kunena zoona ankachita dala, chifukwa mawu aja akuti iwe anali akumuyabwabe m'makutu. Eneya anayamba kulira misozi yeniyeni, akuti wapha amalume a mkazi wake asanamukwatire n'komwe.

Wilibala inafika ikulira, tivi ili pendapenda. Kaputeni, mpweya ukumuthera, anamulanda limoti n'kunena kuti vuto ndi mabatire basi, asachite ngati mwana. Anawatulutsa, nawaluma ndi mano a m'mbali monga amachitira aliyense wailesi ikayamba kunong'ona, nawapukuta pa buluku, nawayanika pakhonde kuti amwe dzuwa pang'ono. Fyuzi, monga injiniya, analangiza kuti awatembenuze. Anthu atatu anazungulira mabatire awiri, atafulatira chitseko chimene kuseri kwake kwaya yonse inkadziluma milomo.

Atawabwezera, Eneya anapempha kuti adine yekha. Anagwadanso, naloza pamtima pa a Cyprian, natseka maso, nadina.

Dzanja la mkuluyo linatsika n'kumugwira pakhosi pa malaya.

"Yagwira!" anakuwa Kaputeni, manja m'mwamba. "Mwaona? Yagwira ntchito!"

Chitseko chinatseguka. Anayamba kutuluka a Stanley, kenako amuna aja, kenako amayi a kwaya atavala yunifolomu, ena akupukuta misozi ya kuseka. Kaputeni anatola limoti mwaukatswiri, naima motangadza, nayamba kuwaloza mmodzimmodzi. Anadina choimitsa, anadina chochotsa mawu, anadina manambala onse. Amayi ankangobwerabe. Mawu ake otsiriza asanakhazikidwe pansi ndi chibakera cha mayi wina woimba besi anali akuti anthu ochokera ku Misa chipangizochi chimawavuta.

Fyuzi anasankha nzeru ina. Anauma yekha pomwe anaimapo, dzanja lina m'mwamba, maso osaphethira, poganiza kuti anthu amuyesa wolozedwa mwangozi n'kumusiya. Anamumanga ali chomwecho, ndipo anafunika anthu awiri kuti amupinde mkono.

Atatuwo anawakhazika pakhonde, atawamanga ndi chingwe cha mlongoti, podikira apolisi. A Cyprian anafotokozera khamu zonse, kuyambira njira ya kumkuyu mpaka ndevu za tsache, osadumpha liwu. Pofika pa mawu aja akuti iwe, amayi anagwira pakamwa. Eneya anayang'ana pansi, ndipo atadzutsa maso anaona chimene ankachiopa: kumapeto kwa mzere wa kwaya kunali Stelia, buku la nyimbo lili pachifuwa. Iye yekha ndiye sankaseka.

A Cyprian anamaliza, naweramira kwa Eneya, natsitsa mawu.

"Zina zija unanena pomaliza sindinawauze, ndi zako. Koma dziwa ichi, mwana iwe. Mlongo wanga anandichonderera, ndipo ndinali nditavomera. Loweruka ndikanawauza ankhoswe ako kuti mtsikana tengani, ntchito idzapezeka muli m'banja. Tsopano ukawauze asavutike kubwereka majekete."

Eneya anakhala ngati wathiridwa madzi ozizira. Anatembenukira kwa Kaputeni, amene mlomo unali utayamba kutupa, namufunsa monong'ona ngati pa chipangizo chija palibe batani lobweza zinthu m'mbuyo. Kaputeni, poti ukaputeni sautaya ngakhale ali pachingwe, anati lilipo, la mivi iwiri yoloza kumanzere.

Limoti inali itagwera pafupi ndi mapazi a Stelia. Eneya anamuitana dzina, namupempha kuti aitole, amuloze, adine la mivi iwiriyo, mwina zinthu n'kubwerera pa dzulo masana. Anthu anaphulika kuseka, a Stanley mpaka kukhala pansi.

Stelia anaitola. Anaifufuza mpaka anapeza mivi iwiri ija, naloza Eneya pachifuwa, nadina. Kuseka kunazilala, chifukwa mtsikanayo sanachite mwachipongwe. Anagwirabe batanilo kanthawi, akumuyang'ana m'maso, ngati kuti nayenso akudikira.

Kenako anapereka limoti kwa a Stanley ndi manja awiri, natenga amalume ake pamkono, napita nawo kunyumba.